Mzere Woyamba wa Chikalata cha a Nangozo

Za zaka musandifunse, sindinaziwerenge. Mayina a matauni nawonso anandichoka kalekale. Ndimangokumbuka kuti kunali tauni ya fumbi, kunali ya njanji, kunali mzinda wa nyumba zamagalasi, ndipo mwina imene ndimati ya njanjiyo anali matauni awiri amene agwirana m'mutu mwangamu. Koma chimene chinkandiyendetsa sindinachiiwale. Maso anga ankatha pang'onopang'ono, ndipo m'thumba la bulauzi ndinali ndi kafulashi kakuda ka kompyuta kokhala ndi pulogalamu yoti izidzandiwerengera zolembedwa masowo akadzatheratu. Vuto linali limodzi, pulogalamuyo inali yosamangidwa. Ndinayenera kuimanga khungu lisanandipeze, apo ayi moyo wanga wonse ukanakhala wa "tandiwerengereniko apa", ngakhale pa kapepala ka mankhwala. Ndipo ine kupempha sindimakutha, ndikuuzeni zoona.

Ntchitoyi ndinaiphunzira m'tauni ya fumbi ija, kwa a Nangozo. Anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, ndipo anali ndi kachipinda kuseri kwa chigayo momwe ankakonzeramo makompyuta a m'masukulu ndi a m'zipatala zing'onozing'ono. Ufa unkalowera pawindo n'kumatera pamabatani, moti zala zathu zinkakhala zoyera tsiku lonse. Ine ndinapitako kukafunsa ganyu yosesa.

"Wosesa alipo kale, ndi ine ndemwe," anatero a Nangozo. "Khala apa uone zimene ndikuchita. Ukatopa, khomo ndi ilo."

Sindinatope. Anandionetsa kuti pulogalamu siifika yathunthu. Imabwera m'phukusi, zipangizo zake zili padera padera, ndipo pamwamba pake pamakhala chikalata chonena kamangidwe: tenga ichi, lumikiza ndi icho, ika apo. Womangayo si munthu. M'kompyuta mumakhala pulogalamu ina imene ntchito yake n'kulandira maphukusi, kuwerenga chikalata n'kumanga. Ife a ntchitoyi tinkangoitchula kuti Kapitawo, chifukwa sankaseka ndi munthu.

"Tsono tchera khutu," anatero a Nangozo tsiku lina. "Malamulo olembera zikalatazi amasintha. Kunali kalembedwe koyamba, kunabwera kachiwiri, mawa kubwera kena. N'chifukwa chake Kapitawo asanawerenge chilichonse amayang'ana mzere woyamba. Pamenepo wolemba amaika nambala ya kalembedwe kamene watsata. Kapitawo akaiona nambalayo amatulutsa malamulo a nambala imeneyo, n'kuyamba kuyeza chikalata chonse mzere ndi mzere. Mawu amene sali m'malamulowo amawakana."

"Nanga nambalayo akapanda kuidziwa, mayi?"

"Amakana basi, n'kukuuza chifukwa chake. Ndiye iwe ukadzaiwala mzere woyamba, ndidzakukoka khutu."

Ndipo ankandikokadi.

Mvula inagwa n'kukata kangapo ndili komweko. Kenaka zilembo za pasikirini zinayamba kumera mithunzi m'mbali. Ndinkayesa ndi ufa, n'kumapukuta sikirini kosalekeza, mpaka a Nangozo anandilanda kansaluko n'kundiperekeza kwa dokotala wa maso. Dokotalayo sanazungulire. Anati masowa azinka nazima, mankhwala angochedwetsa chabe, ndikonzekere.

Titabwerera ndinakankha mpando mpaka unakagunda khoma. Ndili ndi mtima wapachala ine, ndinabadwa nawo, ndipo tsiku limenelo ndinakwiyira chilichonse, chigayo, ufa, ndi dzuwa lomwe. A Nangozo anandisiya ndilire. Kenaka anayatsa kompyuta yawo yakale ya pakona, anaika kalata ina patsogolo pa kakamera, n'kudina batani. M'sipika munatuluka mawu awo omwe, akuwerenga kalatayo pang'onopang'ono, iwo eni ake ali duu, milomo chitsekere.

"Ndinawapangira akulu anga, amene anachita khungu ali mtsikana," anatero. "Ndinatha miyezi ndikujambula mawu anga, ba, be, bi, bo, bu, manambala, masiku, miyezi, mpaka pakhosi panauma. Iwo anapita, pulogalamu inatsala. Ndi yako imeneyi. Tsopano dzutsa mpando wangawo."

Ndinaudzutsa, misozi ikadali m'masaya, koma mtima unali utakhala pansi.

Sipanapite nthawi, masana ena mphezi inagwa pawaya wa chigayo n'kulowa m'kachipinda kathu. Makompyuta onse anapsa, ndipo pulogalamu yomangidwa ija inapsera momwemo. Kanangotsala kafulashi kamene a Nangozo ankasungamo zipangizo, mawu awo onse, ndi chikalata cha kamangidwe. Nthawi imeneyo anali atayamba kale kudwala. Anandifumbatitsa kafulashiko ali gone pamphasa.

"Ukaimange kwina," anatero. "Si ntchito yaikulu, ungompatsa Kapitawo."

Chimanga chisanache tinawaika m'manda, ine n'kuuyamba ulendo.

M'tauni ya njanji ndinafika sitima itangochoka kumene, ndipo nthawi zonse ndikaiganizira tauni imeneyo, sitima imakhala itangochoka kumene. Pafupi ndi siteshoni panali a Chiwoko, bambo wamtali wokonza mawailesi, amene anali ndi kompyuta imodzi yofunditsidwa chitenje. Ndinawafotokozera nkhani yanga, iwo n'kundikokera mpando. Ndinalowetsa kafulashi, ndinatsegula chikalata, ndipo ndinangoti kakasi. Mzere woyamba unalibe nambala. Chikalatacho chinkangoyamba ndi "tenga ichi", ngati munthu wolowa m'nyumba osaodira.

"A Nangozo inu!" ndinafuula. "Inu amene munkandikoka khutu!"

A Chiwoko anaseka mpaka kutsokomola. "Zolembera pakhomo zimatero, achemwali. Kapitawo wa m'kompyuta yawo ankadziwa kale kalembedwe kawo, ndiye anaona ngati n'kutaya nthawi. Sankadziwa kuti chikalatachi chidzayenda ulendo."

Tinampatsa Kapitawo wa a Chiwoko. Ameneyo anali wakale zedi, ndipo akapeza nambala palibe ankayesa kalembedwe koyamba. Anawerenga mizere isanu ndi itatu bwinobwino, pamzere 9 anaima, n'kulemba kuti mawu a pamenepa mulibe m'kalembedwe koyamba. Ndinalemba 2 pamwamba paja. Anayankha kuti nambala imeneyo saidziwa, ndikapeze Kapitawo wobwera pambuyo pake. Ndinalemba 3, yankho lomwelo.

"Basi, taphunzirapo kanthu," anatero a Chiwoko. "Si kalembedwe koyamba."

"Kanthu kotani? Maso anga akudikira zimenezo?"

"Ayi, sakudikira. N'chifukwa chake mutenge kope ili."

Anandipatsa kope la ana asukulu ndi cholembera chonenepa, n'kundikhazika pakhonde pamene pankawala dzuwa. Anati ndilembe chikalata chonse ndi zilembo zikuluzikulu, mzere ndi mzere, maso akadalipo. Ndinang'ung'udza masiku atatu, koma ndinalemba mizere yonse makumi anayi ndi inayi. Ndinakhala kwawo nyengo yonse yozizira. Ankandimanga chitenje kumaso n'kundiuza kuti ndipeze mabowo a kompyuta ndi zala, kenaka ndilembe dzina langa osayang'ana mabatani. Ndikalakwitsa ankaimba mluzu. Ndinaudana nawo mluzu umenewo, komatu bambo ameneyo anandichitira zazikulu.

Tsiku lochoka anandiperekeza mpaka podutsira njanji. "Mawu a mayiwo ndi ambiri, kompyuta yanga ilibe malo," anatero. "Mukadzapeza yamalo, mudzayambe mwakopera kaye zonse musanayese chilichonse. Mwamva?"

"Ndamva, achimwene."

Ndinamva ndi khutu limodzi.

Kuchoka apo misewu inachuluka. Paliponse zinkachitika chimodzimodzi. Ndinkafika, ndinkaodira, ndinkafunsa ngati pali kompyuta yovuta. Inkapezeka ndithu, kusukulu, kuchipatala, kuofesi ya alimi. Ndinkaikonza, ankandipatsa madzi osamba ndi pogona, kenaka ndinkapempha kuti ndiyeseko kafulashi kanga. Kapitawo wa kumeneko ankayang'ana mzere woyamba n'kukana. Wina ankati nambala yanuyi ndi ya m'tsogolo, wina ankati ndi yakale kwambiri. Wodziwa kachiwiri kapena kachitatu sindinampeze. Anthu ankati aKapitawo apakatiwo anafufutidwa pamene atsopano ankabwera, ndipo palibe anaganiza zosungako mmodzi.

Pali mudzi wina umene ndinafikako kawiri kuchokera mbali ziwiri zosiyana. Mayi yemweyo anandipatsa chinangwa chowotcha n'kundifunsa funso lomwelo, kuti kodi kwanu kulibe anthu. Ulendo woyamba ndinamuyankha mwaukali. Wachiwiri ndinangoti alipo, mayi, ali m'thumbamu, iye n'kundiwonjezera chinangwa. Pali tauni ina ya mphepo imene mphunzitsi wake anatseka kalasi theka la tsiku kuti ndiyese makompyuta onse asanu ndi limodzi, ndipo onse anakana ndi mawu ofanana. Mphunzitsiyo anapepesa ngati walakwa ndi iyeyo. Anthu anandisunga m'njira monsemo, inu, anthu osandidziwa n'komwe.

Maso nawo ankapita. Zinayamba kusungunuka ndi zikwangwani za m'misewu. Kenaka nkhope za anthu, moti ndinkawadziwira kayendedwe. Pasikirini ndinkakuza zilembo mpaka mawu atatu okha n'kudzaza ponse.

Mumzinda wa nyumba zamagalasi ndinafika nthawi yotentha. Muofesi ina ya pamwamba penipeni munali mayi wachitsikana dzina lake Ndaona, woyang'anira makompyuta a pamenepo. Anandimvera chisoni n'kundilowetsa pa nthawi ya nkhomaliro, mabwana ake atatuluka. Kompyuta yake inali yothamanga, yamalo ambiri, ndipo sikirini yake inali yaikulu moti ndinkathako kuwerenga. Mtima wanga unali m'mwamba. Ndinati lero ndi lero.

"Anti, tiyambe takopera kaye zonse," anatero Ndaona. "Zitenga ola limodzi basi."

"Ola ndilibe, mwanawe. Mabwana ako abwera."

Kapitawo wa mumzindawo anali watsopano. Anayang'ana mzere woyamba n'kulemba kuti nambala palibe, ndipo iye sachita zongoganizira. Ndinalemba 2. Anati kalembedwe kameneko anasiya kuwerenga, amadziwa 4 ndi 5 basi. Ndinalemba 3, chimodzimodzi. Apa ndiye mtima unandiyaka. Zaka zonsezi ndikuyenda, nsapato kutha, maso kutha, kanthu kopanda nkhope n'kumandiuza kuti ayi? Ndinalemba 5.

Analandira. Anatulutsa malamulo achisanu n'kuyamba kuyeza. Pamzere 9 anakana, ine n'kuufufuta mzerewo. Pamzere 14 anakana, n'kuufufutanso.

"Anti, mizere imeneyo sanailembe pachabe," anatero Ndaona.

"Akufuna chikalata choyera, ndimpatsa choyera."

Ndinafufuta mizere isanu ndi iwiri. Pomaliza Kapitawo analemba kuti chikalata chili bwino, akuyamba ntchito. Ndinaomba m'manja, chitsiru ine.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti m'kalembedwe kachisanu Kapitawo amayamba wasesa kaye. Chilichonse cha m'phukusi chimene sichinatchulidwe m'chikalata amachiona ngati zinyalala, n'kuchichotsa asanamange. Ndipo mizere ndinafufuta ija ndi imene inkatchula mafoda osungamo mawu a a Nangozo. Pasikirini pankadutsa tizilembo mofulumira, ine n'kumamwetulira, osatha kuwerenga.

"Mayo, akufufuta!" Ndaona anakuwa, n'kuzula kafulashi.

Titakabwezeramo tinapeza kuti ba, be, bi ndi anzawo apulumuka. Koma manambala onse, masiku ndi miyezi zinali zitapita. A Nangozo sadzanenanso "Lachiwiri" padziko lino, ndipo wochititsa ndine.

Ndinakhala pansi penipeni, pasimenti yozizira. Ndinafuna kumutukwana Kapitawo koma ndinasowa chomutukwanira. Anandikaniza kasanu ndi kawiri, ndipo ulendo uliwonse ankanena zoona, n'kuloza ndi mzere womwe. Ndine amene ndinamunamiza pamzere woyamba, iye n'kundikhulupirira. AKapitawo onse a m'midzi aja, amene ndinkawatukwana mumtima, ndi amene anandisungira mawu a a Nangozo zaka zonsezo pokana. Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo sindinawaonepo.

Ndaona sanandinyoze. Nkhomaliro yake inazizira patebulo, iye akukopera zotsalazo m'kafulashi kena kofiira, ndipo anandipatsa tonse tiwiri.

"Kuli a Gwaza, amene anatiphunzitsa ife ntchitoyi," anatero. "Anapuma, akuweta nkhunda kuseri kwa phiri. Tinkawaseka chifukwa malamulo a kalembedwe kalikonse ankawasindikiza papepala n'kusunga m'sutikesi yachitsulo. Pitani kwa iwowo. Ndi aukali, koma nanunso anti si inu ofatsa."

Potsika masitepe anandigwira dzanja, ndipo ndinalola. Kanali koyamba.

Phirilo m'mawa linkaoneka pafupi, masana n'kusuntha. Ndinayenda ndi ndodo ya nsungwi imene anandidulira munthu wina wa njinga, ndipo sindikudziwa kuti anali masiku kapena miyezi. Ndimangokumbuka kuti ndinayamba kumva nkhunda ndisanaone nyumba, ndipo nyumbayo nditaiona inali chinthu chotuwa chokhala ndi kanthu konyezimira padenga, sola.

"Odi!"

"Ngati mwabwera ndi foni yakufa, bwererani," anayankha mawu osasa m'katimo.

"Ndabwera ndi chikalata chopanda nambala."

Kenaka ndinamva mapazi akukwekwereza.

"Analemba ndani?"

"A Nangozo a kuchigayo."

"Ha, mayi uja! Anali wamakani ngati mmene mukumvekera inumu. Lowani."

A Gwaza anali bambo wachikulire wonunkhira chimanga cha nkhunda. Anakoka sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, ndipo itatseguka munatuluka fungo la fodya amene ankaikamo pothamangitsa chiswe. Munali mabuku anayi osokedwa ndi ulusi. Ndinawauza zonse, za mumzinda zomwe, osabisa. Atangoona kope langa lija anati amene anakuuzani zolemba m'kopeyu ndiye wanzeru pa nonsenu.

"Tsono onani, mayi," anatero. "Chikalata chikabisa nambala, mawu ake amachiulula. Kalembedwe kalikonse kali ndi mawu amene kanabwera nawo, ndi ena amene kanataya. Tizifunsa mzere uliwonse kuti uli m'mabuku ati."

Tinayamba. Ine ndinkawerenga m'kope, mphuno ili papepala, iwo n'kumafufuza m'mabuku akunyambita chala. Mawu a pamzere 9 munalibe m'buku loyamba, koma anali m'lachiwiri ndi m'lachitatu. Mawu a pamzere 14 anali m'loyamba ndi m'lachiwiri, m'lachitatu anawataya.

"Ndiye n'kachiwiri!" ndinafuula.

"Osathamanga. Mizere yatsala makumi atatu."

Tinaiyeza yonse, masiku anayi, ndipo panalibe mzere wotsutsa. Kanali kachiwiridi. Zaka zonse zija yankho linali m'thumba mwanga momwe.

"Ndiye tingolemba 4 pamwambapo, poti Kapitawo wanu amadziwa 4?" ndinafunsa.

Anamenya tebulo mpaka nkhunda zinabalalika padenga. "Simunakhaule inu?"

"Ndakhaula, bambo. Ndimangokuyesani."

"Muziyesa anzanu."

Kumapeto kwa buku lililonse kunali masamba onena zimene zinasintha kuchokera ku kalembedwe kam'mbuyo. A Gwaza anati tisamutsa chikalatacho kuchoka pa 2 kupita pa 3, tikatha tichoke pa 3 kupita pa 4, kudumpha kulibe. Mzere uliwonse tinkayamba tafunsa kuti a Nangozo ankafuna chiyani pamenepa, kenaka n'kufufuza mmene malamulo atsopano amanenera chinthu chomwecho. Inali ntchito ya kamba. Nthawi zina mzere umodzi unkatitengera m'mawa wonse, tikukangana, iwo akunditchula kuti mayi Moto, ine ndikuwatchula kuti bambo Chiswe.

Tili pakati pa 3 ndi 4, maso anga anatha. Sizinachitike ndi phokoso. M'mawa wina ndinatsegula kope ndipo panali kuyera kokhakokha. Ndinatembenuza tsamba, kuyera. Ndinayang'ana kumene kunkamveka nkhunda, kuyera.

"Bambo, ndachedwa."

"Mwachedwa kuti?"

"Sindikuona. Basi, zatha."

Ndinalira ngati tsiku la kwa dokotala lija, koma ulendo uno sindinakankhe chilichonse, mphamvu zinalibe. Ndinaluza mpikisano wanga, ndipo ndinkadziwa kuti ola limodzi lija ndinakana mumzinda landidyera miyezi. Ndinamva a Gwaza akupuma mwamphamvu, n'kunena kuti pepani, mayi, pepani ndithu. Kenaka anakhosomola.

"Mzere 22 umati chiyani?"

Ndinawauza.

"Nanga 23?"

Ndinawauzanso, ndi 24 womwe, osafunsidwa.

"Ndiye mwachedwa pati? Chikalata chili m'mutu mwanu, malamulo ali m'maso mwanga. Kapitawo safunsa ngati wolembayo ndi wopenya. Pukutani misozi, mundinyowetsera mabuku."

Tinapitiriza chomwecho. Iwo ankawerenga lamulo, ine ndinkalemba pamabatani, iwo n'kuyang'ana pasikirini ngati zala zanga zanena zoona. Mafoda onse a mawu tinawatchula m'chikalata limodzi limodzi, kuti Kapitawo akamasesa asakhudzepo ngakhale limodzi. Zinatsala ndi zimene ndinawononga zija. Masiku ndi miyezi ndinajambula ndekha ndi mawu anga. Manambala ndinati ajambule iwo.

"Ine? Mawu anga ali ngati chitseko cha khola."

"Ndi omwe alipo, bambo."

Anakana masiku awiri, lachitatu anavala jekete ngati akupita kutchalitchi n'kukhala patsogolo pa kompyuta. Wani, thu, fili, folo, akutsokomola pakati, nkhunda zikulira padenga. Ndinawabwerezetsa seveni kasanu, mwadala.

Tsiku lomanga tinadikira kuti dzuwa likwere, sola ikhute. Kafulashi kofiira tinakatsekera m'sutikesi, tinalowetsa kakuda. Ndinapeza mabatani ndi zala n'kulemba mzere woyamba, kalembedwe 4, ndipo ulendo uno inali nambala yoona. A Gwaza anati Kapitawo walandira, akuyeza. Ndinkawerenga mizere mumtima limodzi naye. Pamzere 31 anakana.

Chala changa chinanyamuka chokha kulunjika pa batani lofufutira. Ndinachibweza n'kukhalira dzanjalo.

"Akuti chiyani, bambo?"

"Akuti mwatchula foda koma simunanene kuti ili m'kati mwa iti."

"Akunena zoona."

Tinakonza, tinampatsanso. Anayeza mizere yonse mpaka pansi, ndipo kafani ka m'kompyuta kanayamba kulira. Kanalira mpaka dzuwa kupendeka. Malata anatentha pamutu panga, kenaka kutenthako kunasunthira kukhoma la kumadzulo, ine ndili pompo, manja pamaondo. A Gwaza anandipatsa madzi, sindinamwe. Kenaka kafani kaja kanatsika mawu, n'kukhala chete.

"Walemba chiyani?"

"Kaya. Magalasi anga ndasiya kukhola."

"Bambo, musandizunze."

"Dinani batani lalitalilo, mumve nokha."

Ndinadina. Sipika inathetheka pang'ono.

"Kumanga kwatha," anatero a Nangozo.

Mawu aakulu omwe aja, inu, osakalamba ngakhale tsiku limodzi. Ndinati zikomo mayi, zikomo, zikomo, ndipo sindikudziwa kuti ndinanena kangati. Kumbuyo kwanga a Gwaza ankamina mwamphamvu, ati chimfine.

Koma a Nangozo anali asanamalize kuwerenga zimene Kapitawo analemba.

"Chenjezo," anatero. "Kalembedwe ka nambala," apa panalowa mawu osasa a a Gwaza, nkhunda ikulira kumbuyo kwake, "folo," kenaka a Nangozo n'kupitiriza, "kadzasiya kuwerengedwa posachedwapa. Konzani chikalata chanu."

Ndinaseka misozi ili mbwe. A Gwaza nawo anaphulika, mpaka kugwira khoma.

"Alibe chisoni Kapitawo ameneyu," anatero atapeza mpweya. "Buku lachisanu sindinasindikize, inki inandithera. Malamulo ake ali m'fayilo momwemo, masamba ambirimbiri. Ndiyambe kukuwerengerani mawa?"

"Ayi, bambo. Pitani, nkhunda zanu sizinamwe madzi."

Anaima kaye pang'ono. Kenaka ndinamva mapazi akukwekwereza, chitseko n'kutsekeka. M'chipindamo ndinatsala ndekha. Ndinayenda ndi zala pamabatani, a Nangozo akunditchulira mayina a mafayilo limodzi limodzi, mpaka tinafika pa malamulo achisanu. Ndinatsegula, iwo n'kuyamba kuwerenga kuchokera pamwamba. Penapake nkhunda zinasokosa padenga ndipo sindinamve bwino. Ndinadina batani lobwerera, osaitana munthu, ndipo a Nangozo anabwereza.